Chipinda Chimene Amayi Sanagonemo

Pofuna kuti boma lindilembe kukhala asimilado, munthu wakuda woyesedwa ngati Mpwitikizi, kuno ku Vila Cabral, ndinamva kuti mzungu adzabwera kudzaona khalidwe langa. Ndinakonza chipinda cha alendo: njereza kukhoma, kama wachitsulo, bulangete latsopano, ndi mabuku a Chipwitikizi amene ndinkawerenga cholozera ndi chala.

Mu Juni amayi anafika kuchokera kumudzi atasenza mbatatesi. Ndinawanamiza kuti njereza sinaume, n'kuwayalira mphasa kukhitchini, kumene anakhosomolako masiku onse.

Mzunguyo atabwera anangoima pakhonde, n'kufunsa ngati ndimadyera foloko, n'kumapita.

Tsiku loti amayi abwerere kumudzi, manyazi atandigwira, ndinawatsegulira chipinda chija.

"Lowani muone, amayi."

Anayang'ana mapazi awo, n'kusuzumira ali pakhomo.

"N'chokongola, mwanangu. Tseka, ndingakudetsere."