Maluwa a pa Lipenga la Ba Mwango

Kuno ku Matero magetsi akathima, mawailesi onse ali zii, nyumba imodzi yokha ndiyo imalirabe nyimbo, zakalekale zija zomveka ngati woimbayo ali ndi chimfine. Mukatsata phokosolo mufika kwa Ba Mwango, alamu anga, amuna a akulu anga Ba Emelda.

Ndi Mbemba wa ku Kasama, ife ndife a ku Katete, ndiye kunyozana ndi moni wathu. Moyo wawo wonse ankakonza makina osokera pamsika. Matenda a galamafoni anawayamba atakula kale, pamene munthu wina anawabweretsera imodzi yoduka sipulingi, osabweranso kudzaitenga. Basi, kuyambira pamenepo anthu otola zitsulo kumtaya wa zinyalala wa ku Chunga anadziwa kuti bokosi lililonse la chopukusira kumbali lili ndi mwini wake ku Matero. Chipinda chimene ankagona Sampa, mwana wawo, asanakwatiwe, chinadzaza mabokosi, masingano ndi mbale za nyimbo zong'aluka. Alendo ogona timawayalira pabalaza, magalamafoni ali pabedi. Ine zimenezi zimandinyansa mpaka lero, ndipo ndimawauza.

Ogula amabwera ndithu, ena pa magalimoto onyezimira. Alamu amawalandira bwino, kuwaimbira nyimbo, kuwafotokozera kuti ichi n'chenicheni, icho anachita kulumikiza ndi zidutswa za dzana. Amati mtengo wa chinthu chakale uli mu ukalamba wakewo, ukachikongoletsa wachipha. Akafika pa kugulitsa, amayamba kukamba za mvula.

Ndiye panabwera lipenga la galamafoni. Linali lalikulu, kukamwa kwake ngati beseni losambitsira mwana, lakuda bii ndi mwaye chifukwa linakhala zaka zambiri pakhitchini ya makala. Nthawi imeneyo n'kuti ng'ala itawatseka alamu maso onse awiri. Munthu ankamuzindikira ndi mawu. Analisisita ndi nsonga za zala, kenaka n'kunena kuti pansi pa mwayewo pali maluwa openta. Tonse tinayang'ana, tinaona mwaye basi. Ine ndinawauza kuti mabodza a Chibemba afika mpaka m'zala.

Sanalitsuke. Anati ntchito imeneyo imafuna thonje, mtima wodekha ndi maso, ndipo adikira maso. Anangolilumikiza ku bokosi n'kumaliimbitsa lili lakuda choncho. Aliyense wobwera ankamuuza chimodzimodzi: akadzandichotsa ng'ala, choyamba kuona chidzakhala maluwa aja.

Tsiku limene anawagoneka alamu kuchipatala kuti awachotse ng'ala, akulu anga anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, manja akusowa chogwira. Mkazi ameneyu mapoto ake mutha kumeterapo ndevu. Anaganiza kuti amuna awo akamabwera ndi maso atsopano asapeze mwaye, apeze maluwa awo ali poyera. Anatulutsa lipenga kuseri kwa nyumba, natenga mchenga, phulusa ndi waya wotsukira mapoto.

Ine ndinawapeza atakhala pansi, miyendo ili tambalala, lipenga likuwala ngati la a bandi ya kutchalitchi. Madzi a m'beseni anali akuda, koma pamwamba pake pakuyandama timagamba tofiira ndi tobiriwira. Maluwa analipodi. Anaonekera pang'ono pansi pa dzanja lawo, ndipo asanaimitse dzanjalo anali atapita. Anayesa mbali ina mofatsa, nakonso chimodzimodzi. Pomaliza, ndi mantha, anangotsuka lonse.

Ndinamva chisoni. Ndinawauza kuti tingonena kuti munalibe kanthu, pajatu palibe anawaonapo. Akulu anga anakana. Anati munthu wakhala akuwasisita chaka chonse, timusandutsenso wabodza?

Alamu anabwera masana a tsiku lotsatira, diso limodzi atalimasula bandeji, atavala magalasi akuda. Sanakhale n'komwe pansi. Analunjika kuchipinda chija, ife pambuyo. Ine ndinali nditakonzeka kale: akangokweza mawu pa akulu anga, ndiwakumbutsa amene wakhala akuwasankhira minga m'nsomba zaka zonsezi.

Anavula magalasi. Anayang'ana lipengalo nthawi yaitali, akuphethira. Kenaka anatseka maso n'kuyendetsa zala m'mphepete, monga ankachitira kale. Zala zinangoterereka. Sindikunama, zinawapweteka kwambiri.

"Ni ine, bashi Sampa," anatero akulu anga, kuwaitana m'Chibemba chawo. "Ninafuna muyapeze poyera. Yanapita na madzi."

Alamu sanatembenuke msanga. Atatembenuka sanayang'ane nkhope, anayang'ana manja. Mfundo za zala za akulu anga zinali zosupuka ndi mchenga, zina zikuchucha timadzi. Anawagwira manjawo, kuwatembenuza uku ndi uku, ngati chinthu chimene angochitola ku Chunga ndipo akufuna kudziwa ngati n'chenicheni.

"Amake Sampa, munayaona?"

Akulu anga anagwedeza mutu kuvomera.

"Yanalipo zoona?"

"Yanalipo. Yofiira, na masamba yobiriwira. Pena panali kambalame."

"Kambalame!" Alamu anaseka, misozi ikutsika pa diso lomwe adokotala anati lisanyowe. "Ine nenze kuganiza ni duwa losamasula."

Anakankha mbale za nyimbo pabedi kuti papezeke malo, n'kuwakhazika akazi awo pambali pawo. Anatenga chala cha akulu anga n'kuchiika pa mkuwa wosalala uja, pamwamba penipeni pamene iwo ankayambira kusisita. Ine mkwiyo wanga wonse unasowa kopita, ndinangotsamira chitseko.

Ogula akabwera masiku ano amati lipengalo linatha mtengo, ndipo alamu amavomera kuti n'zoona, alibe nazo mkangano. Koma tsiku lija, ine ndikutuluka kuti ndikateleke madzi a tiyi, ndinawamva akunena motsitsa:

"Pa dziko lonse ndimwe mweka munayaona. Yambirani apa, muniuze bwinobwino, osathamanga."