Mapazi Anga M'beseni la Apongozi

Ndinakwatiwa ndili wothyola tiyi. Ntchitoyi ndinaiyamba nditangosiya sukulu, pa esiteti yomwe amayi anga anakalambirapo, ndipo amuna anga ndinadziwana nawo akuyendetsa thirakita yonyamula masamba kupita kufakitale. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, koma iwo anali atamanga kale pamalo a makolo awo kufupi ndi Makwasa, choncho ndinapita chitengwa.

Banja lawo linali la Sabata kuyambira kwa azigogo. Apongozi anga aakazi anali nesi kuchipatala cha mishoni, munthu wa mawu ochepa, woti akakuyang'ana umayamba kudzifunsa chomwe walakwa. Ine kwathu tinkapemphera Lamulungu, kwa ansembe, ndipo chimene chinkandikokera kutchalitchi chinali kwaya basi. Za chiyambi cha mipingo sindinkadziwa kanthu. Ndinkangoganiza kuti matchalitchi onse anabwera ndi azungu a tiyi nthawi imodzi.

Mwezi woyamba ndinalakwitsa chilichonse chimene munthu angalakwitse. Titakhala pa chakudya, apongozi aamuna atati tipemphere, dzanja langa linapita lokha pachipumi kuchita chizindikiro cha mtanda. Azilamu anga aang'ono anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Tsiku lina ndinagula mlamba wouma pamsika, ndinauphika bwinobwino ndi tomato kuti aone kuti mwana wawo sanakwatire chitsiru. Apongozi aakazi anavundukula mphika, n'kuuvundikiranso mwakachetechete.

"Mwana wanga, nsomba yopanda mamba sitidya pano."

Mlambawo ndinakaupereka kwa anansi, mphika n'kukaukwecha ndi mchenga. Ndipo m'nyumba yozunguliridwa ndi tiyi mbali zonse munalibe tiyi. Ankamwa madzi otentha a udzu wa mandimu. Ine amene ndinkabwera madzulo zala zitada ndi masamba omwewo, ndinkachita kumwera kuntchito ngati wakuba.

Kuti ndibatizidwe, ndinayenera kulowa kalasi. Inkachitika Loweruka masana m'chipinda cha sukulu ya pulayimale, ndipo anzanga onse anali ana a sukulu. Ine mayi wathunthu, mimba itayamba kuoneka, ndinkadzipanikiza pa desiki ya mwana wa sitandade fayifi. Ankatiphunzitsa ndi mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma ntchito. Akatchula vesi, anawo ankalipeza ndisanadziwe n'komwe ngati lili koyambirira kapena kumapeto. Ndinkangotsegula pena paliponse n'kumayendetsa milomo. Mkuluyo ankaona zonsezi.

Loweruka lina anatseka Baibulo n'kunena kuti atiuza kumene mpingo unachokera. Anayambira kutali, kwa Akhristu oyamba amene ankapemphera mobisala m'nyumba za anthu, n'kudutsa pa mikangano imene inagawa mipingo. Kenako anafika kwa alimi a ku Amereka, kalekale, amene anawerenga mabuku a aneneri n'kutsimikiza kuti apeza tsiku lenileni limene Ambuye adzabwere. Ena anasiya mbatata m'munda osakumba. Ena anatseka masitolo awo. Tsikulo litafika anasonkhana, akuimba, maso ali kumwamba. Dzuwa linalowa, kunja kunacha, ndipo palibe chinachitika.

"M'mawa mwake," anatero mkuluyo, "anayenera kudutsa pakhomo pa anansi awo. Anansiwo ankawafunsa kuti, kodi simunapite?"

Sindinayankhulepo m'kalasimo chiyambire, koma tsikulo pakamwa panatseguka pokha.

"Ndiye mpingo uno unayamba ndi anthu olakwitsa?"

Mtsikana wina anatembenuka kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkuluyo anavula magalasi.

"Inde amayi, analakwitsa. Ambiri anachoka chifukwa cha manyazi. Ochepa anatsala, nabwereranso kukawerenga. Ife ndife zidzukulu za ochepawo."

Anayankha bwino, koma nkhani imathamanga kuposa munthu. Pofika kunyumba inali itasintha kale. Ankati mkazi wa kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti, wanena kuti mpingo wa Sabata ndi wabodza. Amuna anga anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwandiyalutsa. Bambo anga ndi dikoni. Simukanangokhala chete?"

Masabata angapo sindinapite kukalasi, ndinkati miyendo yatupa. Koma ndili m'munda, dengu kumsana, alimi aja sankandichoka m'mutu. Ndinkawaona akutuluka m'nyumba m'mawa uja, khasu paphewa, kupita kukakumba mbatata zomwe anatsanzika kale, anthu akuwaloza. Nkhani zonse za m'kalasi za angelo ndi zilombo za nyanga zinkandidutsa pamwamba, koma iyi yokha ndinaimva. Ndinabwerera kukalasi. Sindinafunsenso funso, ndipo nditachira mwana wanga woyamba anandibatiza mumtsinje, madzi akuzizira mpaka m'mafupa.

Ndinkayesa kuti zovuta zatha. Kenako analengeza za mgonero wa Ambuye, ndipo mkulu uja anatikumbutsa ife atsopano za mwambo umene umayamba mgonero usanadyedwe. Anati kale anthu ankayenda m'fumbi, ndipo mlendo akafika pakhomo, kapolo ndiye ankamusambitsa mapazi. Usiku wake womaliza Ambuye anatenga beseni n'kugwira ntchito ya kapoloyo, ndipo wophunzira mmodzi anayamba wakana. Ife timachita chimodzimodzi, amuna paokha, akazi paokha, awiriawiri.

Wophunzira wokanayo ndinamumvetsa nthawi yomweyo. Munthu amene wakula akulowa m'tiyi mame asanaume, nthawi zina wopanda nsapato, nthawi zina ndi majombo obooka, mapazi ake saonetsa pagulu. Zidendene zanga zinali ndi ming'alu yoti n'kulowa njere ya mapira. Zikhadabo zinali zakuda, ndipo zala zinali ndi zipsera za matekenya a paubwana. Lachisanu ndinakhala pamwala kubafa kukwecha mpaka khungu kuwawa, koma dothi lofiira la ku Thyolo likalowa mumng'alu silituluka ndi sopo.

Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikapeza mayi wina wa pa esiteti, wa mapazi ngati anga, tikathane kungodya. Tsiku la mgonero, azimayi atatuluka kupita kuchipinda kumene anayala mabeseni ndi matawulo, ndinayamba kumufunafuna ndi maso. Ndinangomva dzanja paphewa.

"Tiyeni, mwana wanga."

Anali apongozi. Kwathu apongozi umawaopa, ukakumana nawo panjira umapatuka. Lero ndi awa akundikhazika pabenchi, iwo n'kugwada pansi pa simenti, tawulo m'chiuno.

"Amayi, ayi. Ndiyambe ine."

"Vulani nsapato."

Ndinavula. Anatenga phazi langa ndi manja onse awiri n'kuliika m'madzi. Amayi ena anali atayamba nyimbo yapansipansi. Ine maso anali pa beseni. Madzi anayamba kufiira pang'onopang'ono, ndipo mng'alu umodzi umene ndinaukwecha kwambiri dzulo lake unatseguka, magazi n'kuyamba kutuluka. Tawulo loyera la mpingo linathimbirira. Mayi amene anakhala pafupi nafe anayang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbali msanga. Ndinkafuna nditamira m'simentimo. Apongozi sanafulumire. Anasambitsa pakati pa zala, chimodzichimodzi, napukuta, natenga phazi linalo.

Itafika nthawi yanga ndinagwada. Mumtima ndinkalakalaka nditapeza kachilema kalikonse pamapazi awo, koma anali osalala ngati a mwana, ndipo madzi anatsala oyera mbee. Anthu amachitira umboni kuti pamwambowu amamva mtendere. Ine ndinadya mkate ndi kumwa kachikho kanga ndikungoganiza za tawulo lija, kuti adzalichapa ndani ndipo adzati chiyani.

Pobwerera, azibambo anatsogola. Ine ndi apongozi tinatsalira m'kanjira kodutsa m'mphepete mwa tiyi, mwana ali kumsana kwanga.

"Mukabwere kuchipatala Lolemba mukaweruka," anatero. "Mng'alu umenewo ungatukusire. Ndikakupatseni mankhwala opaka."

"Chabwino, amayi."

Tinayendanso pang'ono.

"Kodi kwanu kuja zimenezi simuchita?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ayi. Kenako ndinakumbukira Lachinayi la Pasaka, ine ndili m'kwaya, wansembe atavula mkanjo wapamwamba, akugwada pamaso pa abambo okhala pamzere kutsogolo, jagi m'manja. Ndinkaziona chaka ndi chaka, osafunsa tanthauzo lake. Ndinawafotokozera. Anaima pakati pa njira.

"Wansembe weniweniyo? Kugwada?"

"Eya, amayi. Kusambitsa, kupukuta."

"Sindinkadziwa. Ndinakulira pamishoni, kutchalitchi kwanuko sindinalowemo." Anaganiza kaye. "Nanga azimayi amawasambitsa ndani?"

"Nthawi imeneyo palibe. Ife tinkangoimba."

Anaseka. Sindinawamvepo akuseka chikwatiwire changa, ndipo anaseka mpaka kugwira mtengo wa m'mbali mwa njira. Ine sindinaseke nawo, nkhope inali ikadali yotentha. Titafika pakhomo amuna anga anafunsa chimene chinawasangalatsa amayi awo pa tsiku la mgonero. Apongozi anangoti ndi nkhani ya azimayi, n'kulowa m'nyumba kukasintha.