Liwu Loimitsira Basi ku Mirrabooka

Ndinafika ku Perth ndi mawu a Chingerezi osakwana zala za dzanja limodzi, koma pakamwa ndinali napo, ndipo mpaka lero ndili napo. Mwana wanga, namwino, anandiitana kudzalera ana. Anawo atayamba sukulu ndinkangokhala duu m'nyumba, ndiye anandilembetsa kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu mu holo ya tchalitchi china ku Mirrabooka, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa.

Aphunzitsi anandikhazika pafupi ndi amayi a ku China, a msinkhu wanga, afupiafupi, a imvi mbuu. Amayiwo anali ndi kope. Liwu lililonse ankalilemba pamwamba, m'munsi mwake matanthauzo m'zilembo za kwawo zija zonga timipanda, ndondondo mpaka tsamba kudzaza. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, cholembera chimandilemera kuposa khasu. Liwu ndikalimva ndimaliika m'nyimbo, ndikwere nalo basi, nditsuke nalo mbale, ndisese nalo pabalaza, pofika madzulo lakhazikika.

Tsiku lina aphunzitsi analemba pa bolodi liwu loti wait. Ilo ndinkalidziwa kuti ndi kudikira, poti adzukulu amandiyankha lomwelo ndikawaitanira kosamba. Anzangawo anatsegula kope, liwulo linalimo kale, masamba awiri athunthu: kudikira munthu, kudikira nthawi, kuimitsa wina kuti asapite. Koma aphunzitsi atati aliyense alitchule, milomo yawo inangogwedera, mawu osatuluka. Anaweramitsa mutu.

Nkhani yawo ndinaimva pa tiyi. Inayenda ulendo wautali nkhaniyo, iwo kulankhula mu foni, foni kutembenuza m'Chingerezi, aphunzitsi kundifotokozera ndi manja. Amuna awo anachita sitiroko, amayenda mokankha kachitsulo ka matayala, ndipo Lachisanu lililonse amapita nawo pa basi ku chipatala cha ku Nedlands kukachita mafizo olimbitsa miyendo. Pa siteji pawo palibe mthunzi, ndiye abambowo amakhala pa benchi pansi pa mtengo, kapataliko. Basi ikafika amayi amathamangira pakhomo, abambo akadali kukwekwesa mapazi m'mbuyo. Pakhomopo amangoima, liwu lili m'kope, kope lili m'chikwama. Dalaivala poona munthu wosakwera, wosalankhula, amatseka n'kumapita. Anali ataphonya kawiri. Mwana wawo wamwamuna anagamula kuti zikachitikanso za basi zithe, abambo azipita tsiku limene iye wapuma ku ntchito, mwina kamodzi pa mwezi.

Ine malume anga ndinawaona akuumira pa mphasa ndi matenda omwewo. Miyendo yotere ukaigoneka mwezi, siidzukanso. Ndinati mumtima, izi ndiye ayi, ine ndilipo.

Kwathu nyimbo imakhala ndi woyambitsa ndi ovomera. Wamanyazi sumupatsa kuyambitsa. Umamuika povomera, mawu ake abisale mwa anzake mpaka atakhwima. Ndiye kalasi itatha ndinawagwira dzanja, ulendo kuseri kwa holo, poimika magalimoto, pansi pa bulugama. Ndinaomba m'manja, ndinayambitsa: basi iyo, basi iyo. Iwo azivomera mawu awiri okha, please wait.

Tsiku loyamba kunangotuluka mpweya. Anafuna kutsegula kope, ine ndinalilanda n'kuliika m'khwapa. Anakwiya, anandilalatira m'chinenero chawo, sindinamve ngakhale limodzi koma ndinadziwa kuti si madalitso.

“Kwiyani, achemwali,” ndinawauza m'Chichewa changa, “koma muvomere.”

Lachinayi kunamveka kamawu ngati kamwanapiye. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, dzanja kukhutu, ngati gonthi. Anakweza. Ndinabwerera mpaka pa mpanda. Anakwezanso, akuseka, akupukuta misozi. Ine kuyambitsa, iwo kuvomera, ine kuvina pang'ono, dzuwa lili phwee pa phula.

Mwana wanga atamva anaseka mpaka kukhala pansi. “Amayi, Chingerezi cha mawu asanu mwatsegula kale koleji?” Ndinamuuza kuti wophunzitsa kusenza mtsuko safunsidwa ngati ali ndi chitsime.

Lachisanu ndinasiya ana pa geti la sukulu n'kupita ku siteji ya anzangawo. Abambo anali pa benchi, atavala chipewa, manja pa kachitsulo kawo. Ndinali nditalumbira kuti pakamwa panga patsekedwe, poti ndikawalankhulira lero, Lachisanu linalo adzawalankhulira ndani? Pa ntchito zonse zomwe ndagwira pa moyo wanga, yokhala chete ija ndiyo inanditulutsa thukuta.

Basi inafika. Amayi anathamanga, anaima pakhomo. Zii. Dalaivala, mtsikana wa magalasi akuda, anawayang'ana, dzanja lake likupita kotsekera. Lilime langa linayabwa mpaka ndinaluma nsonga ya mpango. Ndinangoomba m'manja kawiri, pang'onopang'ono, monga timayambira kuseri kwa holo.

“Please wait,” anavomera, ndi kanyimbo kanga komwe. Kenaka anaonjeza okha, akuloza ku benchi: “My husband.”

Mawu achiwiriwo sindinawaphunzitse ine. Mtsikana uja anasuzumira, anagwedeza mutu, anatsitsa basi mbali imodzi n'kutulutsa kamlatho kokwerera. Abambo anabwera, phazi, kachitsulo, phazi, kachitsulo, basi yonse ili phee, mpaka anakhala pa mpando wa kutsogolo.

Ine sindinakwere. Nthungululu ndinaigwira pakhosi mpaka basi itakhota, ndiye ndinaimasula yonse pa siteji yopanda munthu. Mzungu wina wothirira kapinga anatembenuka ndi paipi yake, ndinamubayibitsa.

Lachisanu lotsatira sindinapiteko dala, ndinakhala kunyumba mtima uli m'mwamba. Lachiwiri lake anzangawo asanakhale n'komwe pa mpando anandionetsa chithunzi mu foni. Abambo ali kuchipatala, pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, ataima ndi miyendo yawo, nkhope ili gwa ngati akukangana ndi pansi.