Mayi Alinesi Zikhale, Amene Anakana Kukwera Lole

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mwa inu munalowa mumpingo uno tchalitchi chili kale ndi malata. Mayi Alinesi Zikhale munawaona atakalamba, atakhala pamkeka pafupi ndi khomo, ndipo munkayesa kuti ndi munthu wofatsa. Sanali ofatsa ayi. Akulu ampingo atipempha kuti mwezi uno tilembe za moyo wawo, ndipo talemba monga anatiuzira omwe anakhala nawo.

Anabadwira m'mudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pomwe lero pali mipanda ya Area 11. Bambo awo anali ndi ng'ombe koma analibe mwana wamwamuna, choncho Alinesi ndiwo ankatsekula khola m'mawa. Anzawo akamasinja pamtondo, iwo ali kudambo ndi ndodo m'manja. Kumeneko anaudziwa udzu. Anaona kuti tsekera amauma pamwamba pokha: chilimwe chikakula masamba amapindika n'kuyera, koma moyo umabisala m'chiputu, ndipo moto ukadutsa chiputucho chimaphuka mvula isanagwe n'komwe. Anaona kuti kapinga sakula chokwera, amayanga pansi, mfundo iliyonse n'kuzika mizu yake, kotero ng'ombe imangometa nsonga, iye n'kuphukira m'munsi. Koma anaonanso kuti kupirira kwa udzu kuli ndi malire. Ukazisiya ng'ombe pamalo amodzi zimadya mpaka chiputu, ndipo pamenepo pamatsala fumbi.

Anabatizidwa ali namwali m'katchalitchi ka udzu ka m'mudzimo. Anakwatiwa ndi Bambo Lawford Zikhale, omwe anapita kumigodi ku Joni, nabwerako akutsokomola, ndipo sanakhalitse. Ana awiri anatsikira kuli chete ali aang'ono, kunatsala mwana mmodzi wamkazi, Evelina. Pamaliro onsewo Mayi Alinesi ndiwo ankayambitsa nyimbo, misozi ili mbwembwembwe. Wina atawauza kuti wofedwa saimba, anayankha kuti, "Ndikasiya kuimba, Satana ayesa kuti wapambana."

Kenaka kunamveka kuti likulu la dziko lichoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Kunabwera anthu oyeza malo, nakhoma zikhomo m'minda. Mudzi wonse unauzidwa kuti upatsidwa malo ena kutali, chakumadzulo. Tsiku la malole litafika, anthu anakweza mitondo, zitseko ndi nkhuku. Evelina, yemwe tsopano anali pabanja, anakwera ndi mwamuna wake. Mayi ake anangoima pakhomo la khola.

"Amayi, kwerani," anadandaula Evelina. "Mutsala ndi yani kuno?"

"Ndi ng'ombezi, ndi abambo ako ali kumandawa, ndi Mulungu. Kapena Iyenso mwamukweza palolepo?"

Mkulu woyang'anira zosamutsa anthu anayandikira. "Mayi, musativute. Pano pakubwera likulu la dziko."

"Libwere, bambo. Mlendo sitimukaniza. Koma lindipeza."

Lole inanyamuka Evelina akulira. Pasanathe sabata thirakitala inagwetsa nyumba yawo, khola, ndi katchalitchi komwe. Mayi Alinesi sanatukwane munthu. Anatola nsichi zomwe sizinathyoke, natsikira kumunsi m'mphepete mwa dambo, pomwe dzinja pamajenga madzi ndipo oyeza malo sanakhomepo chikhomo. Pamenepo anamanga chisakasa ndi khola laling'ono.

Moyo unali wa thukuta. Ankakama mkaka n'kugulitsa kwa amisiri omanga maofesi a ku Capital Hill. Nyengo yomweta ankamweta tsekera, n'kusenza mtolo wapansi mpaka ku Old Town. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Zubeida, mkazi wa Iddi wogulitsa nyama, banja la Chisilamu. Zubeida ankawatula mtolo n'kuwapatsa tiyi. Za chipembedzo sankalimbana. Nthawi ya swala, mapemphero a Asilamu, ikakwana, Mayi Alinesi ankakhala pakhonde kuyang'anira ana.

Lamulungu lililonse ankavala nsalu yawo yoyera n'kukapemphera pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi chisakasa chawo. Poyamba anali okha, akuimba ngati pali chikhamu. Amisiri ena ochokera kutali anamva nyimbozo nabwera. Nyumba za Area 11 ndi Area 12 zitayamba kulowedwa, kunabweranso alonda, ophika ndi osamalira maluwa, anthu omwe mabwana awo ankapita kutchalitchi chachikulu pagalimoto, iwo n'kupatsidwa kanthawi kochepa kosakwanira ulendo wa ku tauni. Mayi Alinesi sankadziwa kuwerenga. Mlonda wina wachikulire, Bambo Norman, ndiwo ankawerenga Mawu. Atachuluka anazika mitengo, ndipo mayiwo anamweta udzu wonse wofolera denga.

Masiku amenewo kusonkhana patchire kunali koopsa, munthu ankatha kukunamizira zandale. Mlonda wa kampani ina yomanga anabwera ndi chibonga kudzawabalalitsa. Anthu anayamba kuthawa, koma Mayi Alinesi sanadzuke pomwe anagwada.

"Mwanawe, tili pakati pa pemphero," anatero. "Ngati wabwera kudzamenya, dikira tinene amen. Ngati wabwera kudzamva, vula chipewa."

Mnyamatayo anatembenuka nabwerera. Sanabwerenso.

Chaka chotsatira, dzuwa lili pamutu, moto wa osaka mbewa unalowa m'dambo n'kupsereza chisakasa chopemphereramo. Ena anati mwina ndi chizindikiro choti asiye. "Chapsa ndi denga," anatero Mayi Alinesi. "Inu mwapsa?" Udzu womweta panalibe, wonse unali utapsa, choncho anapemphera padzuwa, ndipo dzinja anapemphera akunyowa, mpaka tsekera anakulanso nafoleranso.

Koma yesero lalikulu linabwera chaka china mvula itachedwa. Dambo linali litachepa: uku msewu, uku mipanda, uku milu ya mchenga. Mayiwo ankasuntha ng'ombe zawo, lero apa, mawa apo, kuti ziputu zipume, koma posunthira panatha. Ng'ombe zinawonda nthiti kuwerengeka. Iddi anawauza kuti, "Mayi, ndigulitseni zisanagwe zokha." Iwo anakana.

Tsiku lina ng'ombe yaikazi yomwe inali ndi thole inathyola mpanda wa maluwa ku Area 11, n'kulowa pabwalo la kapinga wothirira, wobiriwira bwino. Nyumbayo inali ya Bambo Mackford Mhango, wogwira ntchito m'boma, kwawo ku Mzimba, omwe anali atangosamutsidwa kuchoka ku Zomba. Mayi Alinesi atafika anapeza bamboyo ataima pakhonde, akazi awo a Dinah ali pambuyo.

"Mama, ng'ombeyi ndi yanu?"

"Ndi yanga. Mpanda ndikonza ndi manja angawa. Koma musayembekeze kuti ndiikalipira. Pomwe mwaimikapo galimotopo ndi pomwe inabadwira. Kapinga wanuyo aphukanso."

"Za kapinga musandiuze, mama, ndakula ndikuweta ng'ombe kwathu. Akadyedwa ndiye amakhathamira. Inenso sindinapemphe kubwera kuno, anangondiuza kuti longedza. Koma lamulo la mzinda likuti ziweto ayi. Ine sindikunenezani, koma wina akuneneza. Ndipo taonani ng'ombe yanuyo. Dambo lija ndaliona, latha."

"Lamulo lanulo linandipeza, ndipo silindichotsa."

Anaitulutsa ng'ombeyo mutu uli m'mwamba. Koma pobwerera anaima m'dambomo nayang'ana pansi. Ziputu zinali zitazulidwa ndi mizu yomwe, ziboda zitapera nthaka kukhala fumbi. Anagwada nafukula ndi chala, osapeza chamoyo. Anadziwa kuti mlendo uja sananame, ndipo zinawapweteka kuposa tsiku la malole. Bambo Norman, omwe anawapeza ali chogwada, akuti anamva akupemphera mokweza ngati akukangana ndi mnansi: "Mudzi munatenga, ndinakhala chete. Ana munatenga. Tsopano ndi izi? Chabwino, tengani. Koma Lamulungu mundipeza pomwe paja."

M'mawa mwake anatsekula khola nazitsogoza ng'ombe zonse kupita ku Old Town. Sanadzere njira zam'tchire. Anadzera mumsewu waukulu, masanasana, nsalu yoyera ili m'chiuno, akuimba nyimbo yachitamando. Magalimoto a mabwana ankaliza mahutala kumbuyo, iwo osatekeseka, osathamangitsa ng'ombe ngakhale pang'ono. Pamlatho wa Lilongwe anthu anaima kuonerera. Atafika kwa Iddi anati, "Izi tengani. Koma iyi ya thole simuipha. Muipezere lole, ipite kwa Evelina, kuli msipu." Iddi anachita momwemo. Zubeida anawagwira dzanja nawalowetsa m'nyumba, ndipo ndi yekhayo anawaona akulira tsikulo.

Mpanda uja Mayi Alinesi anakaukonzadi. A Dinah anawapatsa madzi akumwa, nafunsa za nyimbo zomwe ankazimva kuchokera kudambo. Lamulungu lotsatira anabwera, nakhala pansi pakati pa ophika ndi alonda, wophika wa m'nyumba mwawo ali pambali pawo. A Dinah ndiwo anawapezera Mayi Alinesi ntchito yobzala kapinga m'mabwalo a nyumba zatsopano, ndipo awiriwa ndiwo anayambitsa Chigwirizano cha amayi pano, chomwe chimakumana Lachinayi lililonse. Akuluakulu a mzinda atalamula kuti chisakasa chopemphereramo chichoke, Mayi Alinesi anati achoka tsiku lomwe mpingo udzaonetsedwe malo ake. Bambo Mhango ndi abusa a ku tauni anayenda m'maofesi kufikira malo ano atapezeka. Njerwa zoyamba mayiwo anasenza nawo, imvi zili mbuu.

Dambo lija, ziweto zitachoka, linayamba kuphuka pang'onopang'ono, ngakhale malo ena sanabwererenso. Mayi Alinesi anapitiriza kumweta mpaka msana unakana. Atafooka, mpingo unawamangira kanyumba kuseri kwa tchalitchi. Evelina anabwera kudzawatenga kuti akawadwazikire kwawo, koma iwo anaseka. "Ndili ndi mphamvu munalephera, ndiye lero?" Evelina anangoyala mphasa nakhala nawo.

Mayi Alinesi anatisiya Lachitatu m'mawa, mwezi wa Okutobala, atalandira Mgonero. Sanavutike. Amayi a Chigwirizano anali atawazungulira, ena akusisima. Mayi Alinesi anatsekula maso, nawayang'ana mmodzimmodzi.

"Mawa ndi Lachinayi," anatero ndi mawu apansipansi. "Ndisamve kuti msonkhano walephereka chifukwa cha ine."

Anatseka maso ngati munthu wotopa ndi ulendo, ndipo posakhalitsa anapuma.

Abale, sanasiye chuma, sanasiye ngakhale nkhuku. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene analandidwa zambiri koma sanalole kulandidwa pemphero. Lachinayi lija, maliro ali m'nyumba, amayi anasamba m'maso, navala yunifolomu, ndipo a Dinah anaimba belu pa nthawi yake.