Mapasa a Mayi Zipi

Mkulu wanga amasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo mumsewu monse amamutcha Mayi Zipi. Sukulu sanapite nayo patali. Chilankhulo amadziwa chimodzi, ngati tonsefe pabanja pathu, kungoti iye amachiyankhula mokweza.

Atabereka mapasa, mwamuna ndi mkazi, anasowa wowalera masana. Kuseri kwa nyumba yawo kunkachita lendi mayi wina wothawa nkhondo, amene chilankhulo chathu ankangodziwapo moni ndi zikomo. Anthu ankamuti Madamu. Mkulu wanga anamuitana n'kupangana naye ndi manja: ana awa, mkaka uwu, matewera awo. Kenako analoza pakamwa pa Madamu, n'kulozanso makutu a ana. Aziwayankhula Chifalansa chokhachokha.

Alamu anga, owotcherera zitsulo, anadandaula. "Ndiye ife tizingoti kukamwa yasa m'nyumba mwathu momwe?"

"Bambo a mapasa, kukamwa yasa tinayamba kalekale. Awa okha asatengere."

Mavuto anayamba anawo atachedwa kuyankhula. Anzawo akutchula zinthu bwinobwino, iwo ankaphatikiza, theka kuno theka uko. Apongozi a mkulu wanga anafika ndi chikwama, akuti sachoka mpaka Madamu achoke.

"Mwawapinda lilime adzukulu anga. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga."

"Avumbwe, amayi. Ndine telala, ndiwasokera zouma."

Apongoziwo anakhala mpaka anatopa okha, n'kunyamula chikwama chawo.

Sikuti sizinkamupweteka. Tsiku lina tikuchokera limodzi kumsika tinapeza mapasa ndi Madamu akuseka mpaka misozi, ife osadziwa chaseketsa. Posakhalitsa wamkaziyo anagwa pasitepe, n'kuthamangira kwa Madamu, akulira m'Chifalansa, kudutsa mayi ake ataima pomwepo. Mkulu wanga anangoyang'ana kukhoma.

"Zalowa mpaka mumtima," anandiuza chapansipansi. "Koma usakauze munthu, angasangalale."

Patapita zaka, Madamu anapeza abale ake kudziko lina, n'kusamuka. Anawo n'kuti akuyankhula zilankhulo zonse ziwiri ngati madzi. Achibale anapuma, akuti masewera aja atha.

Mkulu wanga anavundikira makina ndi nsalu, n'kuyenda saluni ndi saluni, shopu ndi shopu, atagwira ana kumanja. Akalowa, ankawauza kuti apereke moni m'Chifalansa, iye n'kumayang'ana amene atembenuke. Ena ankamuseka. Tsiku lina anatembenuka mayi wina woluka tsitsi, chipeso chili kukamwa, n'kuyankha. Mpaka lero mapasa akaweruka kusukulu amakaswera kwa mayiyo, ndipo madiresi ake onse amasokedwa ndi Mayi Zipi.

Apongozi atamva anaimba foni. "Kodi zimenezi mpaka liti?"

Mkulu wanga anapanikiza foni ndi phewa, mwendo uli pamakina. "Mpaka adzandiuze okha kuti atopa, amayi. Ndipo akadzatero, ndidzayamba ndaganiza kaye."