Bambo Anga a ku Kiliyaring'i

Dzulo nditagwira mapepala a kasitomu a katundu wanga wochokera ku Beira, fungo la inki linandibwezera ku Zingwangwa, masiku amene zipani zinali zitangochuluka.

Bambo ankagwira ntchito ya kiliyaring'i. Ankaweruka zala zili buluu, akukamba za makontena ndi mainvoisi. Aphunzitsi atatiuza kuti mawu oti kiliyaring'i pa Chingerezi ndi kuchotsa zinyalala, ndinangoti basi, bambo amasesa m'makontena.

Tsiku lina la mvula anandibweretsera ambulera kusukulu, nsapato zili matope okhaokha. Mnzanga Esinati anandifunsa, "Amenewa ndi bambo ako?"

"Ayi, timangoyandikana nawo nyumba," ndinayankha.

Bambo anamva. Anandipatsa ambulerayo n'kunena motsitsa mawu, "Ukapereke moni kwa makolo ako, mwanawe." Kenaka anabwerera, mvula ikuwathera pathupi.

Nkhaniyo sanaitchulepo mpaka tsiku lomwalira. Ndinadzadziwa nditakula kuti ntchito yawo inali yokonza mapepala kuti katundu adutse pachipata cha Mwanza. Koma chimene chimandichititsa manyazi si kusamva Chingerezi ayi. Ngakhale akanakhala osesa, munthu uja anayenda wapansi kuchokera kuntchito kwake ku Ginnery Corner kuti mwana wake asanyowe.