Mphuno ya a Chiutsi

Pa famu paja dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Onse, ndi mwini famu yemwe, ankangoti a Chiutsi, chifukwa ukawafuna sunkavutika kufunsa munthu, unkangoyang'ana kumene kukufuka. Ntchito yawo inali yoyendetsa makina oumitsira chimanga. Chimanga chikabwera chachinyontho kuchokera kumunda, iwo ndiwo ankayatsa moto, kutchera khutu kulira kwa makinawo, n'kumapisa dzanja m'chimanga chotuluka, ndudu ili pakamwa. Ankawakonda makinawo moti akazi awo ankawatcha "mkazi mnzanga".

Za mkazi mnzawoyo mayiwo analibe nazo mawu. Nkhondo yawo inali ya fodya. Anabisapo machesi, analirapo, ananyanyalapo mpaka kumanga katundu. Koma a Chiutsi, nkhutukumve, ankangoseka n'kutsokomola.

Ndiye chaka china dizilo anakwera mtengo mopanda manyazi. Mwini famu anadandaula mpaka kuwonda, kenako anagula thanki ya gasi n'kusintha makinawo kuti aziyendera gasiyo. Thanki isanadzazidwe kunabwera woyendera wa boma, mayi wamfupi wa chipewa cholimba. Anajambulitsa mzere wachikasu kuzungulira thanki ndi makina omwe, n'kuyang'ana thumba la malaya a a Chiutsi.

"Mkati mwa mzerewu, machesi ayi, ndudu ayi. Ndikadzangopeza kachidutswa ka ndudu, nditseka thanki, ndipo galimoto ya gasi sidzapondanso pano."

Atachoka, mwini famu anawatengera pambali. "Madala, mukudziwa nokha kuti moto ukayaka munthu sachoka pa makina. Ngati fodyayo simungathe kumusiya, ndikuikani pa geti. Kumeneko muzisuta mmene mungafunire."

Pa geti! Iwo, kumatsegulira magalimoto, makina awo akugwiridwa ndi manja a munthu wina? Zinawawawa kwambiri. Anatulutsa paketi ndi machesi, n'kuziponya mumgolo wa zinyalala kunja kwa mzere.

Masabata oyamba, abale inu, anthu anaona zakuda. A Chiutsi ankakalipira aliyense, ngakhale mphaka wa m'nkhokwe. Ankasisita thumba lopanda kanthu, n'kumatafuna chimanga chouma ngati mbuzi. Dalaivala wa gasi akabwera ankakuwa ali patali: "A Chiutsi opanda utsi, tikupezani bwanji tsopano?" Kunyumba akadandaula, akazi awo ankawaikira maswiti m'thumba, nkhope ili ngati ya munthu wachisoni.

"Lamulo ndi lamulo, bambo. Ine ndinganene chiyani?"

Akatero ankalowa kukhitchini n'kumaimba mokweza.

Woyendera uja anabweranso, anasuzumira mpaka pansi pa thanki, osapeza kanthu. Gasi anapitiriza kubwera, chifuwa cha a Chiutsi chinayamba kuphwa, ndipo chimanga chinkauma bwinobwino.

Tsiku lina cham'mawa, kukolola kuli pafupi kutha, a Chiutsi anaima chilili, mphuno m'mwamba. Ankamva kafungo kachilendo, kofunda, kokoma. Mtima unagunda: chikupsa! Anathamanga kuzungulira makina, anayang'ana moto, anapisa dzanja m'chimanga. Zonse zinali bwino.

"Simukumva inu?" anafunsa onyamula matumba.

Anyamatawo anaseka chikhakhali. "Madala, limenelo ndi fungo la chimanga chouma. Chimanunkhira chomwecho chaka ndi chaka!"

A Chiutsi anatapa chimanga ndi manja awiri n'kuika mphuno momwemo. Zaka zonsezi akuumitsa chimanga, osadziwa kuti ntchito yawo imanunkhira. Anaseka okha ngati kamwana.

Masana akazi awo anabweretsa chakudya. Anaima pa mzere wachikasu monga ankachitira tsiku lililonse, n'kutambasula manja mwachipongwe kuti aonetse kuti alibe machesi. A Chiutsi anafika kudzalandira mbale, koma sanaitenge. Ananunkhiza kamodzi, kawiri.

"Amayi, mafuta mwadzolawa ndi atsopano? Mwagula liti?"

Mayiwo anawayang'ana kwa kanthawi. Chipongwe chonse chinawachoka pankhope.

"Awa? Ndi mtundu womwe uja munandigulira tisanakwatirane. Munati mumaukonda. Sindinasinthepo."

Manyazi anawagwira a Chiutsi, chimwemwe chinawagwiranso, ndipo misozi inalengeza. Kumbuyo kwawo makina ankangolira okha, koma sanacheuke n'komwe.

"Tasunthirani kuno, ndimvenso."

"Iii, bambo, pamaso pa anthu?"

Anatero mayiwo, koma mbale anaiika pansi, n'kudumpha mzere uja.